Kodi kumasula malonda a mbewu kudatipindulira kapena kudatipweteka? Nayi njira yoyezera

Funso lafika kuchokera kwa mlembi wa kopaletivi ina ya alimi ku Kasungu. Akuti pamsonkhano wawo padabuka mkangano. Akuluakulu ena amati zinthu zidayamba kusokonekera boma litalola mavenda kugula mbewu n'kufooketsa ADMARC. Ena amati nyumba za malata, ngolo ndi ng'ombe zomwe zili m'mudzimo zidabwera ndi ufulu womwewo, pomwe phiri lomwe kale lidali ndi mitengo yothithikana pano lili mbee. Funso lawo ndi lakuti: kodi pali njira yodalirika yoyezera zomwe kumasula malonda a zaulimi kudachita pa miyoyo ya anthu ndi pa chilengedwe, kapena aliyense azingonena zomwe adaona pakhomo pake?

Bambo mlembi, njira ilipo, ndipo mbali yaikulu ya njirayo mutha kuitsata nokha ndi mamembala anu. Chachikulu ndi ichi: musayambire pa ziwerengero za dziko lonse, monga matani omwe tidagulitsa kunja kapena madola omwe adalowa. Ziwerengerozo zimasakaniza wopindula ndi woluza m'thumba limodzi, ndipo mtengo wodulidwa kapena nthaka yokokoloka siziwerengedwamo n'komwe. Tengani mbewu imodzi ndi lamulo limodzi lomwe lidasintha, muzilondole phazi ndi phazi. Lamulo lidasintha bwanji mtengo womwe mlimi amalandira? Mtengowo udamuchititsa mlimi kusintha chiyani m'munda? Kusinthako kudagwera ndani pakhomo, ndipo kudadya chiyani kutchire? Mukalondola chotero mupeza kuti magulu onse awiri a pamsonkhano paja akunena zoona, kungoti wina akukamba za fodya pomwe mnzake akukamba za chimanga.

Tiyambe ndi momwe zinthu zidalili, chifukwa popanda poyambira palibe chomwe mungayeze. ADMARC idakhazikitsidwa mu 1971, kulowa m'malo mwa Farmers Marketing Board, ndipo ndiyo idali wogula wamkulu wa mbewu za alimi ang'onoang'ono. Idali ndi misika mpaka kumidzi yakutali, mtengo udali umodzi dziko lonse, ndipo mlimi ankadziwa komwe akagule chimanga nkhokwe ikatha. Izi ndi zomwe akuluakulu aja amakumbukira, ndipo sakunama. Koma ADMARC yomweyo inkagula fodya, thonje ndi mtedza wa alimi ang'onoang'ono pamtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi womwe inkagulitsira kunja, phindu lake n'kupita kukakweza maesiteti ndi makampani akuluakulu. Lamulo la Special Crops Act linkaletsa mlimi wa pamunda wa makolo kulima fodya wa bale, yemwe adali ndi ndalama zambiri. Wofuna kulima bale ankayenera kukhala ndi esiteti kapena kukakhala tenanti pa esiteti ya wina. Aliyense woyeza nkhaniyi amene amajambula nthawi ya Kamuzu ngati ya mkaka ndi uchi kwa mlimi wamng'ono wayamba ndi sikelo yopendekeka.

Kusinthako sikudachitike tsiku limodzi. Mu 1981 Malawi idalandira ngongole yoyamba ya Banki Yaikulu Padziko Lonse yokhala ndi mfundo zosintha kayendetsedwe ka chuma. Mu 1987 lamulo lidalola amalonda oima paokha kugula mbewu za alimi ang'onoang'ono, ndipo ADMARC idatseka misika yake ina yomwe inkaoneka yosapindulitsa. Kuyambira 1990 alimi ang'onoang'ono adayamba kuloledwa kulima bale, poyamba ochepa kudzera m'makalabu, kenako chitseko chidatseguka kwa onse. Mu 1994 kwacha idasiyidwa kuti mphamvu yake iziyendera msika, ngongole za makalabu za SACA, bungwe la boma lobwereketsa alimi ang'onoang'ono, zidagwa m'zaka zomwezo, ndipo pofika 1995 sabuside wa feteleza adali atachotsedwa. Pambuyo pake padabwera mapangano ochotsa misonkho pamalire: la bungwe la maiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa la COMESA mu 2000 ndi la bungwe la maiko a kumwera kwa Africa la SADC mu 2008. Chilichonse mwa izi chidali ndi zotsatira zakezake, ndiye munthu akangoti "kumasula malonda kudationonga", mufunseni kuti akunena chiti.

Apa ndi pomwe ambiri amapunthwa, ngakhale ophunzira. M'zaka zomwezo mudachitika zinthu zina zikuluzikulu zosakhudzana ndi malonda. Kudagwa chilala choopsa cha 1992. Dziko lidasunga anthu othawa nkhondo ku Mozambique pafupifupi miliyoni imodzi, ambiri m'maboma a Nsanje, Mulanje, Ntcheu ndi Dedza, ndipo onsewo ankafuna nkhuni ndi mitengo yomangira. Edzi idatenga anthu amphamvu zolima. Chiwerengero cha anthu chidachoka pa pafupifupi 8 miliyoni mu 1987 kufika pa 17.5 miliyoni mu 2018, malo olima osakula. Phiri lanu likadametedwa ndithu pang'ono ngakhale pakadapanda fodya. Choncho funso loyenera ndi lakuti: zikadakhala bwanji lamulolo likadapanda kusintha? Simungabwezere nthawi m'mbuyo, koma mutha kuyerekeza midzi iwiri ya nthaka ndi mvula yofanana, umodzi womwe udalowa kwambiri mu bale, wina womwe udakakamira mtedza ndi chimanga. Kusiyana kwa midzi iwiriyo ndiko kungakuuzeni gawo la fodya pa zomwe mukuonazo.

Tiyeni tsopano tilondole bale, poti ndiye nkhani ya kwanuko. Ine ndimaona kuti kuchotsa chiletso chija chidali chilungamo chomwe chidachedwa kubwera. Pasadathe zaka khumi, alimi ang'onoang'ono oposa 300,000 adali akulima bale, ndipo ndiwo ankatulutsa gawo lalikulu la fodyayu m'dziko muno. Ndalama zomwe kale zinkathera m'manja mwa eni maesiteti zidayamba kufika pamisika ya kumidzi. Ogulitsa njinga, osoka zovala, oumba njerwa, onse adalawako. Bungwe la alimi ang'onoang'ono la NASFAM, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1997, lidamera kuchokera m'makalabu a bale omwewo. Amene amaloza malata akuloza chinthu chenicheni.

Koma walira mvula walira matope. Pitani mukaime pachigafa chimodzi muwerenge. Bale saotchedwa ndi nkhuni monga fodya wa fuluu kapena wa chikopa, amauma ndi mphepo, n'chifukwa chake anthu ena amati alibe vuto pa mitengo. Koma chigafa chimaima pa mphanda, chimafuna mitanda, mapaso, mikangala yopachikapo fodya ndi udzu wofolera. Mphanda yabwino ndi ya mtengo wachilengedwe wolimba monga muwanga kapena tsanya, ndipo chiswe chikalowa, pakangopita nyengo zochepa mlimi abwereranso kutchire ndi nkhwangwa. Chigafa chimodzi sichioneka ngati kanthu. Chulukitsani ndi mabanja mazanamazana a dera limodzi, chaka ndi chaka, muona komwe phiri lidapita. Kafukufuku wa Helmut Geist wa mu 1999 adayerekeza kuti fodya ankachititsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kutha kwa nkhalango m'Malawi m'zaka za m'ma 1990. Mtengo wa pa okushoni ku Kanengo kapena ku Chinkhoma sudaphatikizepo mitengo imeneyo. Wogula sadailipire, mlimi adaitenga ulere, ndipo amene akuilipira pano ndi mayi yemwe akuyenda mtunda wautali kukatola nkhuni.

Pali china chomwe sichioneka ndi maso msanga. Fodya amafuna kasinthasintha wa zaka zingapo kuti tizilombo ta m'nthaka tomwe timatupitsa mizu tisachuluke. Esiteti ya mahekitala ambiri imatha kupumitsa munda. Mlimi wa ekala ziwiri sangathe, ndiye amabwereza fodya pamalo omwewo kapena amatsegula mphanje m'mbali mwa phiri. Nazale nayo imafuna madzi m'miyezi ya chilimwe, choncho imakhazikidwa m'mphepete mwa mtsinje kapena kudambo, ndipo mankhwala opopera amatsikira momwemo. Mukamayeza, musangowerenga mitengo. Funsani akuluakulu kuti mtsinje wanu unkaphwa mwezi uti kale, pano ukuphwa mwezi uti. Onani ngati zigwembe zakula, komanso ngati munda womwe unkatulutsa ngolo zingapo popanda feteleza ukutulutsabe. Kafukufuku wa dziko lonse adapeza kuti pofika 2014 tinkataya pafupifupi matani 29 a nthaka pa hekitala chaka chilichonse, pomwe kuyerekeza kwa mu 1992 kudali matani 20. Nthaka imeneyo kumwera imathera mu Shire, n'kukatseka makina opangira magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndiye ngakhale wa m'tauni yemwe sadagwirepo khasu amailipira ndi kuthimathima kwa magetsi.

Mbali ya anthu ndiyo imandikhudza kwambiri, chifukwa imabisala m'nyumba. Fodya ndi mbewu yodya manja: kufesa nazale, kuthirira, kuwokera, kupalira, kudula nsonga, kuthyola, kusoka, kusankha, kudinda mabelo pa jeke. Ntchito yambiri mwa imeneyi imagwera amayi ndi ana, koma dzina lolembetsedwa ku kalabu ndi akaunti ya kubanki kawirikawiri zimakhala za bambo. Banja litha kuoneka kuti ndalama zake zakwera pomwe mayi ali ndi nthawi yochepa yolima mtedza ndi nyemba zomwe kale ankagulitsa yekha n'kudyetsa ana. Lipoti la bungwe loona za ana la Plan International la mu 2009 lidayerekeza kuti ana osachepera 78,000 ankagwira ntchito m'minda ya fodya m'Malawi, ndipo lidafotokoza za matenda obwera chifukwa chikonga cha m'masamba onyowa chimalowa pakhungu: mutu, chizungulire, kusanza. Mu Novembala 2019 dziko la America lidaimitsa fodya wa ku Malawi pamadoko ake chifukwa cha nkhani za ntchito yokakamiza ndi ya ana, ndipo mu 2021 Nyumba ya Malamulo idasintha lamulo la ntchito n'kuthetsa utenanti. Ndiye mukamafunsa mamembala, amayi muwafunse paokha, pasakhale amuna awo, ndipo muwapeze anthu aganyu ndi omwe adakhalapo matenanti. Pamsonkhano wa kopaletivi amenewa sakhalapo, ndipo ngakhale atakhalapo salankhula.

Chimanga chili ndi nkhani ina. Maganizo a omwe ankalimbikitsa kusinthaku adali akuti ADMARC ikachoka, amalonda adzadzaza malowo n'kumapikisana, mlimi n'kupeza mtengo wabwino. Pafupi ndi misewu ya tala zidachitikadi. Kumidzi ya misewu yoipa kudafika venda mmodzi kapena awiri, ndi sikelo yawoyawo, nthawi yokolola pomwe mlimi ali ndi ngongole ya katapila ndi fizi ya ana pakhosi. Chofunika kudziwa ndi chakuti mabanja ambiri akumudzi amagula chimanga chochuluka kuposa chomwe amagulitsa. Amagulitsa ndowa zingapo mu Meyi pamtengo wolira, n'kudzagulanso mu Januwale ndi Febuluwale pamtengo wokwera kwambiri, ndipo ndalama yogulirayo amaipeza pa ganyu m'munda wa wina pomwe wawo ukumera udzu. Choncho muyeso wabwino wa momwe msika ukuchitira ndi osauka ndi kusiyana kwa mtengo wa nthawi yokolola ndi wa nthawi ya njala pamsika umodzi womwewo. Mtengo wapakati wa chaka chonse umabisa zonsezi.

Njala ya 2002 idaonetsa poyera kuopsa kochotsa chitetezo msika usadakhwime. Bungwe losunga chakudya la NFRA lidakhazikitsidwa mu 1999 kuti liziyenda ngati bizinesi, ndipo lidalowa m'ngongole. Bungwe lobwereketsa maiko ndalama la IMF lidalangiza kuti chimanga cha m'nkhokwe za boma chichepetsedwe, koma chomwe chidachitika n'chakuti pafupifupi chonse, matani oposa 160,000, chidagulitsidwa, china m'njira zomwe pambuyo pake zidafufuzidwa ngati katangale. Zokolola za 2001 zitachepa, mtengo udakwera kangapo m'miyezi yochepa, anthu adadya gaga ndi mizu yakutchire, adagulitsa mbuzi ndi ziwiya pamtengo wotaya, ndipo ambiri adafa. Pulezidenti Bakili Muluzi adalengeza za ngozi yadziko mu Febuluwale 2002. Woyeza mwachilungamo sangaike mlandu wonse pa kumasula malonda, poti umbava ndi kuchedwa kwa chithandizo zidalipo. Sangauchotsenso, chifukwa dongosolo latsopanolo ndilo lidasiya dziko lopanda chotchinga mtengo ukathawa.

Feteleza ndiye amalumikiza umphawi ndi chilengedwe mooneka bwino. Sabuside atachoka, ngongole zitagwa, kwacha itatsika, thumba lidakwera mtengo moti ambiri adalisiya. Munda ukatopa ndipo mulibe chothira, njira zotsala ndi kutsegula malo atsopano pamtsetse, kulima mpaka m'mphepete mwa mtsinje, kapena kuotcha makala kuti mugule ufa. Boma lidabwerera m'mbuyo n'kuyambanso kuthandiza alimi pa zipangizo za ulimi: Starter Pack mu 1998, kenako makuponi a FISP mu 2005, kenako AIP mu 2020. Kubwerera kumeneku kukusonyeza kuti msika pawokha sudafikitse feteleza kwa wosauka. Komabe sabusideyo adakhazikitsa maso a dziko lonse pa chimanga chokha, ndipo nthaka yolimidwa chimanga chaka ndi chaka popanda manyowa kapena mbewu za nyemba imafuna feteleza wochulukirachulukira kuti itulutse zomwezo.

Musaiwale malonda a pamalire, chifukwa apa ufulu umapulumutsa anthu. Chimanga cha ku Milange chomwe chimalowa pa Muloza pa njinga ndi pamutu chakhala chikudyetsa Mulanje, Thyolo, Phalombe ndi Blantyre m'zaka zambiri za njala. Boma lathu likaletsa kutulutsa chimanga kunja m'chaka cha zokolola zambiri, wa m'tauni amagula motchipa koma mlimi amaluza, ndipo chaka chotsatira amalima chochepa. Nandolo naye adatiphunzitsa zowawa. Alimi a kumwera adakulitsa minda poona mtengo wabwino wa msika wa ku India, ndipo nandolo ndi mbewu yokomera nthaka, imabwezeretsa chonde, imapereka ndiwo ndi nkhuni zomwe. Mu Ogasiti 2017 India idaika malire pa nandolo wolowa m'dziko mwake, mtengo kuno udagwa pansi, anthu adatsala ndi matumba m'nyumba. Mozambique idali ndi pangano lake logulitsa nandolo ku India kuyambira 2016, pomwe Malawi idasaina lake la matani 50,000 pachaka mu 2021. Pakuyeza kwanu onjezani funso ili: ngati wogula wamkulu atatseka chitseko mawa, ndani adzasenza katunduyo?

Mtedza uli ndi kachinsinsi kake komwe a kopaletivi muyenera kukadziwa. Misika ya ku Ulaya ili ndi malire okhwima pa poizoni wa chuku. Kuti mtedza udutse, umasankhidwa bwinobwino, wabwino n'kupita kunja. Wotsalira uja, wofota ndi wachuku, sutayidwa. Umasinjidwa n'kukhala nsinjiro za pakhomo kapena chiponde cha pamsika, ndipo omwe amadya ndi ana. Ziwerengero za malonda zionetsa kupambana, pomwe chiwindi cha mwana wa mlimi chikulandira zomwe wogula wakunja adakana. Funsani komwe zotsalira za mtedza wanu zimapita.

Pa malamulo, tili ndi Environment Management Act ya 2017, yomwe idalowa m'malo mwa ya 1996 n'kukhazikitsa bungwe loteteza chilengedwe la MEPA. Munthu akafuna kumanga damu, fakitale kapena kutsegula esiteti yaikulu, amayenera kupereka lipoti la momwe ntchitoyo ikhudzire chilengedwe ndi anthu. Koma lamulo la malonda likasintha, palibe malo amodzi omwe mungaloze. Zotsatira zake zimamwazikana m'minda ing'onoing'ono zikwizikwi, uliwonse wochepa kwambiri moti sufuna chilolezo cha aliyense. N'chifukwa chake ndimakakamira kuti kuyezaku kuzichitika pangano lisadasainidwe kapena lamulo lisadasinthidwe, alimi ali pagome. Malawi idavomereza pangano la msika umodzi wa Africa yonse, AfCFTA, mu 2021, ndipo soya, mpunga, shuga ndi nkhuku zidzakhudzidwa. Soya akakwera mtengo, minda yatsopano idzatsegulidwa kuti? Nkhuku zotchipa zikalowa, woweta wamng'ono ndi mlimi womugulitsa chimanga ndi soya adzatani? Mafunso amenewa ali ndi mayankho omwe angapezeke nthawi ikadalipo.

Kwa inu a kopaletivi, yambani ndi zomwe muli nazo. Mabuku anu akale ali ndi mitengo yomwe mamembala adagulitsira ndi ndalama zomwe zidadulidwa pa mayendedwe, ziguduli, msonkho ndi ngongole ya kampani ya kontirakiti. Werengani zomwe zidatsala m'manja, ndipo muziyerekeze ndi matumba a feteleza kapena a chimanga omwe zikadagula chaka chimenecho, chifukwa makwacha okha amanamiza pomwe ndalama ikutsika mphamvu. Khalani pansi ndi nyakwawa ndi agogo mujambule mapu a mudzi momwe udalili bale asadabwere: pomwe padali nkhalango, madambo, akasupe ndi msipu wa ng'ombe, kenako mujambule wa lero. Wachinyamata yemwe ali ndi foni yamakono atha kukutsegulirani zithunzi zakale za m'mlengalenga pa Google Earth kuti mutsimikize zomwe agogo akunena. Mlangizi wa zaulimi ndi wa zankhalango ali ndi zolemba za dera lanu, ndipo ofesi ya ziwerengero ya NSO ku Zomba yakhala ikuchita kafukufuku wa mabanja kuyambira 1997, momwe muli ziwerengero za boma la Kasungu zoti muyerekeze nazo.

Pomaliza gawani mamembala m'magulu musadaphatikize mayankho: a minda yaikulu ndi a minda yaing'ono, mabanja oyendetsedwa ndi amayi, okhala pafupi ndi msewu ndi akutali, olemba aganyu ndi ochita ganyu. Gulu lililonse lifunseni miyezi yomwe limadya chimanga chakechake, ana omwe amajomba kusukulu nthawi yothyola ndi yosoka, ndi mtunda wokatola nkhuni. Zomwe mupeze zilembeni pa tsamba limodzi, zopindula mbali ina, zotayika mbali ina, dzina la gulu lomwe zidaligwera pambali pake, ndipo tsambalo mupite nalo ku komiti ya chitukuko ya dera ndi kwa kampani yomwe ikukupatsani kontirakiti ya chaka chamawa, mukakambirane za mbande za mitengo ya zigafa ndi za dzina la mayi pa akaunti musadadinde chala.